Kampani ya wrestling imafera mu ofesi, osati mu ring'i

Nthawi iliyonse ndikatsegula wrestling pa laputopu ku hositelo, sipalephera munthu wodutsa amene amaima kumbuyo kwanga, kuonerera kwa mphindi ziwiri, kenako n'kundiuza ngati akundiululira chinsinsi: "Aise, ukudziwa kuti zimenezi n'zopanga?" Ndikudziwa. Ndinadziwa ndili ku pulayimale, masiku amene tinkazemba ntchito za pakhomo kukadzazana mu vidiyo sho kuti tione John Cena ndi Rey Mysterio. Tinakangana za nkhaniyi mpaka mawu kutha, koma Loweruka lotsatira tonse tinabwereranso, tindalama tathu tili m'manja.

Kupangako ndiye kwandichititsa kuti ndilembe. Mu mpira, timu ikagonja mphunzitsi atha kunamizira mvula, bwalo loterera, woyimbira kapena tsoka. Mu wrestling zonamizira zotere mulibe. Kugwa n'kwenikweni, kuvulala n'kwenikweni, koma wopambana amasankhidwa masewero asanayambe. Amene atenge lamba, amene atsekere pulogalamu, amene akhale kunyumba miyezi itatu osaoneka pa TV, zonsezi ndi ziganizo za munthu wina wokhala pa mpando. Sindikudziwa bizinesi ina imene imayanika poyera nzeru kapena kupusa kwa mabwana ake sabata ndi sabata ngati imeneyi.

Maganizo anga ndi akuti kampani ya wrestling imakhala ndi moyo ikamasunga malonjezo ake kwa oonera, ndipo imayamba kufa tsiku limene cholembera chagwidwa ndi anthu odzilembera okha, popanda wowauza kuti ayi. Umboni wanga waukulu ndi WCW, kampani ya ku America imene inali patsogolo pa onse mu 1997 koma n'kutsekedwa mu 2001, ambirife tisanabadwe.

Katundu amene ali pa msika

Ambiri amaganiza kuti kampani ya wrestling imagulitsa ndewu. Wofuna ndewu yeniyeni amapita ku nkhonya kapena ku UFC. Chimene wrestling imagulitsa ndi kudikira. Olemba amakuonetsa munthu wankhanza akuzunza anzake kwa miyezi, akubera, akuzemba chilango, mpaka mtima wako utadzaza. Kenako amakuuza kuti pa tsiku lakutilakuti munthuyu akumana ndi womuposa, ndipo ngati ukufuna kuona, lipira.

Imeneyi ndi ngongole. Kampani imabwereka nthawi yako ndi mtima wako, n'kulonjeza kubweza pa tsiku lalikulu. Ikabweza bwino umaikongozanso. Ikakuzemba kamodzi umakhululuka, kachiwiri umang'ung'udza, kachitatu umasintha tchanelo. Lamba nayenso ali chimodzimodzi. Payekha ndi chikopa ndi chitsulo basi. Mtengo wake umachokera pa mmene kampani ikumulemekezera, ndiponso pa kuvutika kumene munthu amadutsamo kuti amuvale.

Mmene WCW inakwerera

WCW inabadwa mu 1988 pamene kampani ya Ted Turner, mwini wa CNN ndi matchanelo a TBS ndi TNT, inagula Jim Crockett Promotions, imene inali m'mavuto a zachuma. Kwa zaka zingapo kampani yatsopanoyi, imene likulu lake linali ku Atlanta, inkangotaya ndalama, ili kutali kumbuyo kwa WWF ya Vince McMahon, imene lero timaitcha WWE.

Zinthu zinasintha Eric Bischoff, amene analowa ntchito monga wolengeza masewero, atapatsidwa utsogoleri. Mu 1994 anakopa Hulk Hogan. Mu Seputembala 1995 anayambitsa pulogalamu ya Monday Nitro pa TNT, n'kuiika dala Lolemba usiku kuti izilimbana ndi Raw ya WWF. Nitro inkaulutsidwa pompopompo, pamene Raw nthawi zambiri inkakhala yojambuliratu. Anabweretsanso anyamata opepuka thupi amene anaphunzira ntchito ku Mexico ndi ku Japan, monga Rey Mysterio, Eddie Guerrero ndi Chris Jericho, amene ankachita zinthu zimene oonera ambiri a ku America anali asanazionepo.

Kenako kunabwera nkhani imene inasintha zonse. Mu Meyi 1996 Scott Hall, atangochoka ku WWF, anatulukira pakati pa oonera pa Nitro ngati munthu wobwera kudzaputa nkhondo. Kevin Nash anamutsatira. Pa 7 Julayi, pa masewero a Bash at the Beach, Hogan, ngwazi imene kwa zaka zoposa khumi inkalangiza ana kuti azipemphera ndi kumwa mavitamini, anatembenuka n'kugwirizana ndi adani awiriwo. Oonera anapsa mtima mpaka kugenda zinyalala mu ring'i. Gulu la nWo linayambira pamenepo, ndipo Nitro inaposa Raw pa chiwerengero cha oonera kwa masabata 83 otsatizana, kuyambira pakati pa 1996 mpaka Epulo 1998.

Ndafotokoza zimenezi kuti pasakhale wonena kuti WCW inkayendetsedwa ndi zitsiru kuyambira pachiyambi. Anali anthu anzeru ndi olimba mtima. Funso ndi lakuti anthu omwewo anagwetsa bwanji nyumba imene anamanga okha.

Ngongole imene sinabwezedwe

Kwa nthawi yoposa chaka, WCW inalera nkhani imodzi modekha kwambiri. Sting, ngwazi yakale ya kampaniyo, anasiya kumenya, anasiya kuyankhula, n'kudzipaka nkhope zoyera ndi zakuda. Ankangokhala ku denga la bwalo, akuyang'ana pansi pamene nWo inkachita zofuna zake. Aliyense ankadziwa lonjezo lake: tsiku lina munthu uyu adzatsika, ndipo Hogan adzaona zakuda.

Tsikulo linali 28 Disembala 1997, pa Starrcade ku Washington. Anthu amene analipira kuti aonere ali kunyumba anali ochuluka kuposa pa masewero ena aliwonse m'mbiri ya WCW. Ntchito ya olemba inali yophweka: Sting apambane moonekeratu, anthu apite kwawo atakhuta. M'malo mwake anakonza zoti woyimbira Nick Patrick awerenge mpaka katatu mofulumira pokondera Hogan, kuti Bret Hart abwere kudzalamula kuti masewero ayambirenso. Koma Patrick anawerenga mwa nthawi zonse. Zimene oonera anaona n'zakuti Hogan wagonjetsa Sting mwachilungamo, kenako Hart wabwera kudzadandaula za chinyengo chimene sichinachitike. Sting anapambana ndithu pomaliza, koma kukoma kunali kutatha. Posakhalitsa anamulanda lamba uja pa nkhani yomweyi, anamutenganso mu Febuluwale, ndipo pofika Epulo 1998 lambayo anali atabwerera m'chiuno mwa Hogan.

Amene analipo amasimba mosiyana za amene anasokoneza kuwerenga kuja. Chimene sakangana n'chakuti kontirakiti ya Hogan inkamupatsa mphamvu yovomera kapena kukana zimene olemba amukonzera. Taganizani bwino pamenepa. Wosewera mmodzi m'sewero ali ndi mphamvu yokana mathero a sewerolo. Tsiku limene zabwino za kampani zidzasiyane ndi zabwino za iyeyo, adzasankha ziti? Sindikumuimba mlandu Hogan kuti ankadzikonda. Ambirife tikanachita chimodzimodzi. Mlandu ndi wa amene anasaina pepalalo.

Kudya mbewu

Mwayi wachiwiri unabwera wokha. Bill Goldberg, amene kale ankasewera mpira wa ku America, anayamba kuoneka pa Nitro mu Seputembala 1997 ndipo ankangogwetsa aliyense m'mphindi zochepa. Anthu anamukonda popanda wowakakamiza. Goldberg kukumana ndi Hogan anali masewero oti akanalengezedwa kwa miyezi n'kugulitsidwa pa mtengo. Koma nthawi imeneyo Raw inali itayambanso kupambana Lolemba, ndipo mabwana a WCW anafuna kuwina sabata imodzi mwa njira iliyonse. Analengeza masewerowo kutatsala masiku ochepa, n'kuwaonetsa ulere pa Nitro ya pa 6 Julayi 1998 ku Georgia Dome, pamaso pa anthu pafupifupi 40,000. Goldberg anatenga lamba, Nitro inapambana usiku umenewo, koma ndalama zimene zikanabwera anthu akanalipira zinapita ndi mphepo. Kumudzi zotere timati kudya mbewu: lero wakhuta, dzinja likafika ulibe chodzala.

Pa Starrcade ya 1998, Kevin Nash ndiye anakhala woyamba kugonjetsa Goldberg, mothandizidwa ndi Scott Hall amene anamugwiritsa ndodo yamagetsi. Patangotha masiku asanu ndi atatu, pa 4 Januwale 1999, anthu anadzazanso Georgia Dome atalonjezedwa kuti awiriwa abwerezana. Sizinachitike. Olemba anachotsa Goldberg pa masewerowo n'kuikapo Hogan. Belu litalira, Hogan anangogusa Nash pachifuwa ndi chala, Nash n'kudzigwetsa chagada ngati wawombedwa ndi galimoto, Hogan n'kutenga lamba, onse n'kumaseka. Amene ankasekedwa anali ogula matikiti.

Usiku womwewo, wolengeza Tony Schiavone analamulidwa kuulula kuti pa Raw, imene inali yojambuliratu, Mick Foley atenga lamba wa WWF, ndipo ananena monyoza. Cholinga chinali choti anthu asavutike n'kusintha tchanelo. Anthu zikwi mazana angapo anasintha nthawi yomweyo kukaona Foley, munthu amene kale anagwirapo ntchito ku WCW komweko. Mabwana ankaganiza kuti oonera amangofuna kudabwitsidwa. Sanamvetse kuti munthu atha kudziwa mathero a nthano koma n'kufunabe kuona wovutika uja akulandira mphoto yake.

Khola lopanda ana a ng'ombe

Cholakwa chachitatu sichinachitike usiku umodzi. Pamwamba pa WCW panadzaza akuluakulu a makontirakiti onona, olipidwa kaya agwire ntchito kaya asagwire, ndipo ena mwa iwo anali ndi mawu pa zolemba. Nash mwiniyo anakhala mkulu wa olemba mu 1999 uku akumenyabe. Anyamata amene ankasangalatsa anthu kumayambiriro kwa pulogalamu anazindikira kuti ngakhale atalimbikira bwanji, pamwamba sadzafikapo.

Taonani mndandanda wa amene WCW inawataya. Steve Austin anachotsedwa ntchito mu 1995 ali wovulala. Patatha zaka zitatu anali katswiri wamkulu wa WWF ndipo ndi iye anatembenuza nkhondo ya Lolemba. Chris Jericho anachoka mu 1999. Mu Januwale 2000 anachoka anayi nthawi imodzi: Eddie Guerrero, Chris Benoit, Dean Malenko ndi Perry Saturn. Jericho ndi Guerrero onse anadzavala lamba wamkulu ku kampani ya McMahon.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha Rey Mysterio. Mu Febuluwale 1999 WCW inamuvula chigoba chake cha kumaso, chinthu chimene pa mwambo wa wrestling ya ku Mexico ndi ulemu wonse wa munthu. Atalowa WWE mu 2002 anamuvekanso, ndipo kampaniyo yakhala ikugulitsa zigobazo kwa ana kwa zaka zambiri. Ife amene tinkakangana mu vidiyo sho tinamudziwa ndi chigobacho. Kampani ina inaona nsanza yofunika kuvula, ina inaona chuma.

Cholembera chopanda wochiletsa

Zinthu zitayamba kuthina, Bischoff anachotsedwa pa mpando mu Seputembala 1999, ndipo mwezi wotsatira WCW inalemba ntchito Vince Russo, amene anali mkulu wa olemba ku WWF. Kumeneko maganizo ake ankadutsa kaye kwa McMahon, amene ankasankha ena n'kutaya ena. Ku WCW sefa yotereyi kunalibe. Nkhani zinkayamba n'kuthera panjira, abwenzi ankatembenukirana popanda chifukwa, ndipo m'miyezi ya Epulo ndi Meyi 2000 lamba wamkulu ankasintha mwini kangapo pa mwezi. Mmodzi mwa amene anamuvala anali David Arquette, wosewera m'mafilimu, pofuna kutsatsa filimu ya Ready to Rumble. Mu Seputembala chaka chomwecho Russo anadzilembera yekha kuti atenge lambayo.

Ngati wosewera m'mafilimu ndi wolemba nkhani atha kuvala lamba, munthu alipiriranji kuti aone akatswiri akumulimbirana? Oonera anachepa, ogula masewero olipira anachepa, koma makontirakiti onona aja anayenera kulipidwabe. Mu 2000 mokha WCW inataya madola pafupifupi 60 miliyoni.

Koma si AOL imene inapha WCW?

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ndiyenera kuipatsa ulemu wake, ndipo Bischoff wakhala akuinena kwa zaka zambiri. Kampani ya Turner inalowa mu Time Warner mu 1996, ndipo Time Warner inaphatikizana ndi AOL mu Januwale 2001. Pa kusintha kulikonse mphamvu za Ted Turner, munthu amene ankaikonda wrestling ndi kuiteteza, zinkachepa. Mabwana atsopano sankafuna wrestling pa matchanelo awo. Bischoff anapeza anzake a kampani ya Fusient Media Ventures oti agule WCW, koma mu Malichi 2001 Jamie Kellner, mkulu watsopano wa matchanelo a Turner, anathetsa mapulogalamu onse a WCW. Popanda malo pa TV, ogulawo anabwerera. Otsatira maganizo amenewa amati ngakhale olemba akanakhala anzeru chotani, kampaniyo ikanaphedwabe.

Ndikuvomereza theka lake. Kellner ndiye anatseka chitseko. Koma kuthetsa pulogalamu imene ikubweretsa phindu kumafuna kufotokoza zambiri kwa eni masheya. Kuthetsa imene yangotaya madola 60 miliyoni sikufuna kufotokoza. Fisi anabwera ndithu, koma anapeza khola atalizula kale eni ake. Ndipo kudalira chikondi cha munthu mmodzi pamwamba nakonso ndi nkhani ya utsogoleri. M'zaka za phindu, WCW sinadzimangire maziko oti ingaime popanda Turner.

McMahon anagula dzina la WCW ndi makanema ake akale pa mtengo wosafika madola 5 miliyoni. Nitro yomaliza inachitika pa 26 Malichi 2001 ku Panama City Beach, ndipo Sting ndi Ric Flair ndiwo anatsekera. Akuluakulu a makontirakiti onona anakakhala kunyumba akulandirabe ndalama zawo kuchokera ku AOL Time Warner. Amene analira ndi ojambula, ogwira ntchito mu ofesi ndi omenya a mayina ang'onoang'ono. Ndipo kwa zaka pafupifupi 18, ngakhale makampani ena monga TNA anayesa, womenya wofuna malipiro akulu ku America anali ndi khomo limodzi lokha logogoda. Apa m'pamene nkhaniyi imasiya kukhala yoseketsa.

Wopambana nayenso si woyera

Wina anganene kuti phunziro lake ndi lakuti tizichita ngati McMahon. Sindikugwirizana nazo. N'zoona kuti pa nthawi ya nkhondo ija anamvetsera. Atamuchita chinyengo chenicheni Bret Hart ku Montreal mu Novembala 1997, anthu anadana naye, ndipo iye anatenga chidanicho n'kudzisandutsa bwana wankhanza wa m'sewero, woti Austin azimuchititsa manyazi sabata iliyonse. Aliyense amene anakhalapo ndi bwana wovuta anadziona m'nkhani imeneyo.

Koma McMahon nayenso anagwira cholembera kwa zaka pafupifupi 40 popanda womuletsa, ndipo mtengo wake unalipo. Pa 23 Meyi 1999 ku Kansas City, Owen Hart anagwa kuchokera ku denga la bwalo pamene ankamutsitsa ndi chingwe kuti alowe moseketsa, ndipo anamwalira. Masewero anapitirira usiku womwewo. Kumukweza ku denga chinali chiganizo cha olemba. Kupitiriza masewero chinali chiganizo cha mabwana.

Mpikisano utatha, khutu nalonso linayamba kugontha. Mu 2014 oonera ankafuna Daniel Bryan, kampani inkafuna Batista. Anthu anakuwiza Royal Rumble ya chaka chimenecho mpaka olemba anagonja, ndipo Bryan anatenga lamba pa WrestleMania 30 ku New Orleans. Chaka chotsatira Roman Reigns anapambana Royal Rumble ku Philadelphia n'kukuwizidwa ngakhale The Rock anali pambali pake. Kampani inaumirira kwa zaka zisanu kuti anthu amukonde monga ngwazi. Mu 2020 atamulola kukhala mfumu yankhanza ya banja lake, ndi Paul Heyman pambali, munthu yemwe uja anasanduka katswiri wamkulu wa m'badwo wake. Vuto silinali Reigns. Linali malaya amene ankamuveka.

Kofi Kingston, wobadwira ku Ghana koma amene poyamba ankamulengeza ngati wa ku Jamaica, anadikira zaka 11 asanapeze mwayi, ndipo unabwera chifukwa Mustafa Ali anavulala, oonera n'kukana kuti mwayiwo umudutse. Mu Epulo 2019 anakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kuvala lamba wa WWE. Mu Okutobala chaka chomwecho anamugonjetsa kwa Brock Lesnar m'masekondi osakwana khumi, pa usiku woyamba wa SmackDown pa tchanelo cha Fox. Uthenga unamveka: munafuna, takupatsani, tsopano tibwerere ku zathu.

Kumvetsera si kumvera chilichonse

Sindikunena kuti olemba azichita chilichonse chimene khamu likukuwa. Khamu limafuna kudya lero, ndipo wolemba wabwino nthawi zina amayenera kulimana. Mu 2023, pa WrestleMania 39, pafupifupi aliyense ankayembekezera kuti Cody Rhodes agonjetsa Reigns. Anagonja, ndipo ambiri tinatukwana. Koma nkhaniyo anaisunga chaka china chathunthu. Kumayambiriro kwa 2024, zitaoneka kuti The Rock atenga malo a Rhodes, oonera anakana mwamphamvu, ndipo kampani inasintha: The Rock anasanduka mdani, Rhodes n'kupambana pa WrestleMania 40, kutseka ulamuliro wa Reigns wa masiku 1,316. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhonoyo izitulutsadi masowo. Kusiyana kwa nkhaniyi ndi ya Sting n'kwakuti kuno ngongole inachedwa koma inabwezedwa yonse.

Izi zinachitika cholembera chili m'manja mwa Paul Levesque, amene timamudziwa kuti Triple H, amene anachitenga McMahon atatula pansi udindo mu Julayi 2022 pakati pa kafukufuku wa ndalama zimene analipira amayi ena kuti asaulule za khalidwe lake. McMahon anabwereranso, kenako n'kuchokeratu mu Januwale 2024, yemwe kale anali wantchito wa kampaniyo atamusumira pa milandu imene iye akuikana. Nazonso zimenezi ndi zipatso za mpando umene palibe angaufunse.

Lero zili pati?

WWE tsopano ili pansi pa TKO, pamodzi ndi UFC, kuyambira Seputembala 2023. Raw inasamukira ku Netflix mu Januwale 2025 pa mgwirizano wa zaka khumi wa madola oposa 5 biliyoni. Ndalama zotere zimabwera kaya nkhani ya sabata ino yakoma kaya ayi. N'chitetezo chimene WCW inalibe, komanso ndi msampha. Chilango cha kulemba zosakoma sichibweranso mwezi wamawa. Chimabwera pa tsiku lokambirana kontirakiti yatsopano, oonera atatha kale. Bwana amene samva kuwawa msanga amachedwa kuzindikira kuti wavulala.

Mbali inayi kuli AEW, imene Tony Khan anayambitsa mu 2019, ndipo imaulutsidwa pa TBS ndi TNT, matchanelo omwe aja a WCW. Ndimaifunira zabwino, chifukwa kukhalapo kwake kwapatsa omenya khomo lachiwiri logogoda. Koma Khan ndi mwini, ndi mkulu wa kampani, ndiyenso mkulu wa olemba. Mu Ogasiti 2023 anadzaza Wembley ku London ndi anthu oposa 70,000, koma nkhani imene inamveka kwambiri inali ya mkangano weniweni wa kuseri pakati pa CM Punk ndi Jack Perry, ndipo pasanathe sabata Punk, mmodzi mwa akatswiri ake akuluakulu, anachotsedwa ntchito. Mikangano yokhudza Punk inali itayamba chaka chimodzi m'mbuyomo. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale utakhala mutu wa mwana wa mpondamatiki.

Ambiri mwa inu amene mukuwerenga simudzayendetsa kampani ya wrestling. Koma ena muli kale m'makomiti a magulu a zisudzo, a kwaya, a nyuzipepala za ophunzira, ndipo mukudziwa zimene zimachitika wolemba sewero akakhala yemweyo wotenga mbali yaikulu chaka chilichonse, a chaka choyamba akungonyamula mipando. Mafunso amene WCW inalephera ndi omwewo: walonjeza chiyani kwa amene akukuonera, ukulera ndani woti adzatenge malo ako, ndipo ndani m'chipindamo angakuuze kuti ayi osaopa kuchotsedwa?

Choncho mnzanga wa ku hositelo akadzabweranso kudzandiuza kuti n'zopanga, ndidzamukokera mpando. Ndidzamuonetsa Nash akugwa ndi chala chimodzi, kenako ndidzamuuza kuti patangotha zaka ziwiri ndi miyezi yosakwana itatu, anthu amene ankajambula chithunzi chimenecho anali akusakasaka ntchito.